Kagulugufe Koononga Matimati ku Livingstone

Alimi a m'madimba a ku Livingstone, amene amagulitsa matimati pa msika wa Maramba, ali ndi mdani wocepa thupi koma woononga koposa. Mdaniyu ndi kagulugufe ka usiku kochedwa Tuta absoluta. Kwao ndi ku South America. Kanafika ku Spain m'caka ca 2006, ndipo muno mu Zambia kanapezeka m'caka ca 2016.

Msinkhu wake ndi ngati kambeu ka mpunga, mamilimita 6 kapena 7 cabe. Mapiko ake ndi otuwa, a timadontho takuda, ndipo tinyanga take n'tatitali ngati ulusi. Usana kamabisala kunsi kwa masamba, nikayamba kuuluka dzuwa litalowa. Mlimi wofuna kukaona agwedeze mitengo ya matimati, ndipo tidzabuka.

Kakakazi kangathe kuikira mazira okwana 260, limodzilimodzi pa masamba. Pakapita masiku 4 kufikira 6 mazira aswa timphutsi, ndipo apa m'pamene pagona bvuto. Kamphutsi kaboola tsamba nikadya mkati mwake, kusiya khungu la pamwamba ndi la pansi. Tsamba lotere lioneka ndi mawanga oyera ngati pepala, momwe muli zitosi zakuda. Kenaka kalowa ku nsonga za nthambi ndi m'cipatso momwe, makamaka ca ku phesi. Pa ciboo cimeneco ndi pamene payambira kuola, ndipo wogula sayang'ana kawiri.

Katadya kwa milungu ngati iwiri, kawirikawiri katsikira m'nthaka kukasanduka gulugufe. Zonsezi zitha pa mwezi umodzi, ndipo kukatentha monga kutenthera ku Livingstone mu October, masiku acepanso. Popeza matimati othirira alimidwa caka conse, mibadwo ingafike 10 kapena 12 pa caka.

Kupopera kokha sikukwanira, pakuti mankhwala ambiri safika mkati mwa tsamba, ndiponso kacirombo aka sikacedwa kuzolowera mankhwala amodzimodzi. Wopopera tsiku ndi tsiku angotaya ndalama ndi kudyetsa ogula poizoni.

Cofunika ndico kuthothola masamba ogwidwa ndi kuwakwirira mozama, kuzula ndi kutentha mitengo yonse atatha kukolola, ndi kutsuka mabokosi ocokera ku msika. Pamene panali matimati pasatsatire impwa kapena mbatatesi, cifukwa nazonso kamadya. Pabzalidwe anyezi, repu kapena cimanga. Iliponso misampha ya fungo la kakakazi yokopa tatimuna, imene alangizi a zaulimi angasonyeze kachedwe kake.