Vuto si wantchito wa pa makina

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pa misonkhano ya eni makampani ngakhalenso m'macheza wamba. Akuti katundu wopangidwa kuno sangafanane ndi wakunja chifukwa wantchito wa ku Malawi ndi waulesi, sasamala, ndipo ukamuphunzitsa, mawa lake wathawira ku kampani ina. Amatinso anthu a ku Japan amapanga zinthu zolimba chifukwa ndi mmene anabadwira. Ine ndikuti ayi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, katundu wa ku Japan ankadziwika ndi kutchipa ndiponso kusachedwa kuwonongeka. Mu 1950 bungwe lawo la akatswiri a sayansi ndi mainjiniya, JUSE, linaitana W. Edwards Deming wa ku America kuti akaphunzitse, ndipo mu 1954 kunapitanso Joseph Juran. Ena mwa amene anakhala pansi kumvetsera anali mabwana enieni a makampani. Deming ankawauza mosapsatira kuti zolakwika zambiri za m'fakitale zimachokera ku dongosolo la ntchito, ndipo dongosololo amaliyala ndi akuluakulu. Pofika 1962, Kaoru Ishikawa anali atayambitsa timagulu ta antchito tokumana kukambirana zolakwika za pamalo pawo. Kodi mtundu wa anthu ungasinthe chibadwa pa zaka 12?

Mwina wina ati, ameneyo ndi Japan. Chabwino, tipite ku Fremont, ku California. Kumeneko kampani ya General Motors inali ndi fakitale ya magalimoto ya mbiri yoipa. Anthu ankamwa mowa pa ntchito, masitalaka anali osatha, ndipo tsiku wamba munthu mmodzi pa asanu alionse ankajomba. Mu 1982 anaitseka. Mu 1984 inatsegulidwanso pansi pa mgwirizano wa General Motors ndi Toyota, dzina lake NUMMI, ndipo ambiri mwa olembedwa anali anthu omwe aja, amene ankatchedwa osamva.

Toyota inatenga mazanamazana mwa iwo n'kuwatumiza ku fakitale yake ya Takaoka, kukagwira ntchito limodzi ndi anzawo a ku Japan. Atabwerera anapeza chingwe chitalendewera pamwamba pa malo a aliyense. Kale lamulo linali lakuti mzere wa magalimoto usaime zivute zitani, zolakwika adzakonza ena kutsogolo. Tsopano munthu akaona bawuti yosamanga bwino ankakoka chingwecho, kapitawo n'kuthamangira kudzamuthandiza, osati kudzamukalipira. Kujomba kunatsika kwambiri, ndipo pasanathe zaka ziwiri magalimoto a ku Fremont anali m'gulu la abwino koposa m'mafakitale onse a General Motors. Nyumba yomweyo, manja omwewo. Amene anasintha ndi oyendetsa.

Nanga za kuthawa zija? N'zoona, ena amachokadi, sindikana. Koma mu 1988 malonda a NUMMI atalowa pansi, kampaniyo sinachotse anthu. Nthawi imene makina anali chete inagwiritsidwa ntchito powaphunzitsa. Munthu wotero angathawe bwanji? Kuno kwathu magetsi akangovuta kapena ndalama zakunja zikasowa, woyamba kuuzidwa kuti akadikire kunyumba ndi yemwe uja wa pa makina, amene wakhala zaka ali waganyu wopanda kalata. Kenaka tidabwa kuti alibe mtima ndi kampani!

Ndipo zina n'zochititsa manyazi kuzinena. Mnyamata walembedwa Lolemba, Lachiwiri amuimika pa makina n'kumuuza kuti aonere kwa mnzakeyo. Sikelo sinayesedwe chaka chonse. Zipangizo anagula zotchipa. Akanena kuti makina akulira mwachilendo, yankho lake n'lakuti iwe unalembedwa kudzagwira ntchito, osati kudzalankhula. Botolo la mafuta ophikira likatuluka lodontha, mlandu ugwera iyeyo.

Ndalama zophunzitsira antchito, olemba ntchito amapereka kale, kwacha imodzi pa K100 iliyonse ya malipiro, kupita ku TEVETA. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo kuyambira 1972, koma chizindikiro chake chimangochitira umboni katundu amene wapangidwa kale, sichingalowe m'fakitale kukamanga chitsekerero cha botolo. Nayo kampeni ya Buy Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 2016, singakakamize mayi wa ku Ndirande kugulanso sopo amene anamuswekera m'manja.

Choncho mabwana, musanabwerenso pa wailesi kudzadandaula za ulesi, tsikani mu ofesi mukaime pa makina ola limodzi. Mufunse amene ali pamenepo chimene chimamuvuta, mulembe, ndipo sabata yamawa mukonzepo chimodzi.