Kanema Amene Anagawa Oonera

Sabata ino tipumuleko pang'ono ku nkhani za kumunda ndi za kukhitchini, pakuti ndiri ndi nkhani ya kanema amene anautsa mkangano m'nyumba mwanga Loweruka lina madzulo. Mkanganowo unali pakati pa ine ndi mwana wanga wamkazi wachisamba, ndipo titaufufuza bwino tinapeza kuti sitinauyambe ndife. Anthu a ku Mangalande ndi a ku America anayamba kale kutsutsana za kanema yemweyo m'chaka cha 2005, pamene anaonetsedwa koyamba.

Dzina lake ndi The Hitchhiker's Guide to the Galaxy, ndiko kunena kuti buku lolangiza munthu wokwera matola pakati pa nyenyezi. Mwini nkhaniyi anali Douglas Adams, amene anabadwira ku Cambridge m'chaka cha 1952. Inayamba ngati sewero la pa wailesi ya BBC m'chaka cha 1978, nikhala buku m'chaka cha 1979, ndipo m'chaka cha 1981 inaonetsedwa pa wailesi ya kanema. Bambo ameneyu anavutika zaka pafupifupi makumi awiri kufuna kuti nkhani yake ikhale kanema wamkulu, koma anamwalira ndi nthenda ya mtima m'chaka cha 2001, ali ndi zaka 49, asanaone chipatso cha khama lakelo. Zimene anasiya atalemba anazitsiriza ndi Karey Kirkpatrick, ndipo amene anatsogolera kujambula ndi Garth Jennings.

Nkhani yake mwachidule iri motere. Munthu wina wamba, dzina lake Arthur Dent, adzuka m'mawa napeza katapila ali pakhomo kudzagwetsa nyumba yake, ati pakuti padzadutsa msewu watsopano. Ali mkati mokangana ndi anthu a msewuwo, bwenzi lake Ford Prefect amuululira kuti iye kwao ndi ku dziko lina la kutali m'mlengalenga, ndiponso kuti dziko lonse lapansi ligwetsedwa tsiku lomwelo, pakuti nalonso laima pa njira ya msewu wa pakati pa nyenyezi. Zichitikadi. Awiriwo apulumuka pokwera chombo cha ogwetsawo, mtundu wa zolengedwa zotchedwa Vogon, zimene sizichita kanthu popanda fomu ndi chidindo. Kuyambira pamenepo Arthur ayendayenda m'mlengalenga atavala mkanjo wogonera, thaulo liri paphewa, akufunafuna kapu ya tiyi wabwino. M'njiramo amva za kompyuta yaikulu imene inaganiza zaka mamiliyoni asanu ndi awiri ndi theka kufuna yankho la moyo ndi la zinthu zonse, ndipo yankho lake linali 42. Vuto linali lakuti panalibe wodziwa funso lake. Amvanso kuti dziko lathuli linapangidwa pa pempho la mbewa, kuti lipeze funsolo. Ife amene timagula mbewa pa mpani m'mbali mwa msewu, nkhani imeneyi tiimve ndi mantha pang'ono.

Mwana wangayo bukuli analiwerenga katatu, ndipo ndiye anabwera ndi kanemayo kunyumba. Chingerezi changa ndi cha ku pulayimale, motero iye amaimitsa kanema pafupipafupi kuti andimasulire. Koma kumasulirako kumadza ndi madandaulo. Ndikangoyamba kuseka, iye amati, “Amayi, m'buku sizinali choncho.” Ndikafunsa za munthu wina, amati, “Ameneyo m'buku mulibe, angomuikamo.” Pofika pakati ndinatopa nazo, ndipo ndinamuuza kuti, “Mwanawe, ndiwo ukundipatsa ndiwe, ukundiuzanso kuti nzosakoma ndisanalawe. Tandileka ndidye.” Anakhala chete, koma nkhope inali itagwa, ndipo tinagona usiku umenewo tisanamvane.

M'mawa mwake, mitima itazizira, anandifotokozera za magulu awiri a oonera, ndipo ndinaona kuti iye anali wa gulu loyamba, ine wa lachiwiri.

Gulu loyamba ndi la anthu amene anakula ndi sewero la pa wailesi ndi mabuku. Mmodzi wa iwo, M. J. Simpson, amene analemba buku la mbiri ya moyo wa Adams, anaona kanemayu asanatulutsidwe kwa anthu onse nalemba zomunyoza kwambiri, makamaka chifukwa chakuti nthabwala zambiri zinadulidwa. Chitsanzo chimene mwana wanga anandipatsa chinandigwira mtima. M'buku, mkulu wa anthu a msewu auza Arthur kuti chidziwitso cha kugwetsa nyumba chinaikidwa poyera kalekale. Arthur ayankha pang'onopang'ono, akuonjeza chimodzichimodzi: kuti anachipeza m'chipinda cha pansi pa nthaka, kumene kunalibe nyale, ndi makwerero omwe kunalibe, ndipo pepalalo linali pansi m'kabati yokhoma, m'chimbudzi chosagwiritsidwa ntchito, pa chitseko atalembapo chenjezo la nyalugwe. Chiri chonse chimene aonjeza chikulitsa chiseko. M'kanema angotchula chipinda cha pansicho, basi nkhani yapita patsogolo.

Apa ndinavomera kuti odandaulawo ali ndi mfundo. Inu amene munamvapo nthano kwa agogo madzulo pa moto mukudziwa kuti kukoma kwake kuli m'kuchedwa. Kalulu akapita kwa Njovu, kwa Mkango ndi kwa Fisi, aliyense ayenera kuyankha m'mau ake, nyimbo iyimbidwe, ana avomere. Wina akangoti, “Kalulu anawapusitsa onse, nthano yathera pompa,” sananame, koma ana adzagona osaseka. Nthabwala za Adams ziri m'mau ndi m'kupatuka pa njira, pamene kanema wosakwana maola awiri ayenera kuthamanga.

Anadandaulanso zina. Zaphod Beeblebrox, pulezidenti wodzitama wa nyenyezi zonse, ali ndi mitu iwiri. Pa wailesi ya kanema m'chaka cha 1981 mitu yonse imaoneka pa mapewa, koma m'kanemayu mutu wachiwiri anaubisa pansi pa woyamba. Ena sanakondwe poona kuti Ford, Zaphod ndi mkazi wotchedwa Trillian anaseweredwa ndi anthu a ku America, amene ndi Mos Def, Sam Rockwell ndi Zooey Deschanel, pamene nthabwala zake nza Chingerezi cha ku Mangalande. Koma chimene chinawawawa koposa ndi chikondi cha Arthur ndi Trillian. M'buku loyamba awiriwa anangokomanapo pa phwando, mkaziyo nachoka ndi mwamuna wina. M'kanema chikondi chao chasanduka msana wa nkhani yonse, ndipo odandaulawo anati umenewu ndi shuga wothira dala kuti anthu ambiri agule matikiti.

Gulu lachiwiri ndi la amene analowa m'nyumba ya kanema osadziwa kanthu, monga ine. Pakati pao panali ena amene anasokonezeka, nati nkhaniyo ikungodumphadumpha. Koma ambiri anakondwa, kotero kuti sabata yoyamba kanemayu anaposa ena onse ku America, ndipo dziko lonse pamodzi anapeza ndalama zoposa madola 100 miliyoni, ngakhale kuti wachiwiri wake sanapangidwe. Ndipo pali zinthu zimene magulu onse awiri anayamika: mau a Stephen Fry amene amawerenga buku lolangizalo, Bill Nighy, amene anasewera nkhalamba yomanga maiko, ndi Marvin, loboti ya nzeru zochuluka koma yodandaula kosalekeza, imene mau ake anali a malemu Alan Rickman. Ine Marvin ndinamuzindikira msanga. Pa msonkhano uli wonse wa amayi pamakhala mmodzi wotere, amene mukati tiwete nkhuku amayamba ndi kunena za chitopa.

Pamene ine ndinaseka mpaka misozi ndi pamene Trillian wagwidwa ndi a Vogon, ndipo anzake apita ku ofesi kukamuombola. Aima pa mzere wautali, afika pa zenera, auzidwa kuti fomu yao njolakwika. Amayi, ndani wa ife amene sanaimepo pa mzere kuyambira m'mawa, mwana ali kumsana, nkungouzidwa kuti mubwere mawa ndi pepala lina? Pamenepo sindinafune womasulira.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chandichititsa kulemba zonsezi pa tsamba lathu. M'kanemayu muli mfuti yodabwitsa. Siipha munthu, koma woomberedwa nayo amayamba kuona zinthu monga momwe akuzionera woomberayo. Wofotokoza nkhani akuti mfutiyi inapangidwa ndi kompyuta yaikulu ija pa pempho la gulu la amayi apabanja okwiya, amene anatopa ndi kukangana ndi amuna ao osamvetsa. Trillian atadziwa kuti Zaphod ndiye anasayina chikalata chogwetsera dziko lapansi osachiwerenga, poyesa kuti wina akungopempha dzina lake la chikumbutso, amuombera nayo. Pompo mwamuna wodzitama uja ayamba kulankhula chisoni cha mkaziyo ndi pakamwa pake. Zaphod atalanda mfutiyo kuti abwezere, Trillian amuuza kuti pa iye siigwira ntchito, pakuti ndi mkazi kale. Kumapeto Marvin aombera nayo khamu la a Vogon, onsewo nagwa pansi ndi kutaya mtima kwake. Bambo a kunyumba, amene ndinkayesa kuti akuwodzera, anatsegula diso limodzi nati, “Mayi, chida chimenechi chisafike kuno.”

Mfuti imeneyi m'buku mulibe, ndipo mwana wanga anaiwerengera pa zolakwa za opanga kanema. Koma iye mwini pofufuza anapeza kuti opangawo anachitira umboni kuti mfutiyi, pamodzi ndi mtsogoleri wa chipembedzo wotchedwa Humma Kavula, amene anaseweredwa ndi John Malkovich, ndi nzeru za Adams mwini wake, zimene analembera kanemayu. Ndiye kuti zina mwa zimene okonda buku anakwiya nazo zinachokera kwa munthu yemweyo amene iwo amati akumuteteza. Komanso buku limene amalitenga ngati muyeso linasiyana kale ndi sewero la pa wailesi limene linayamba. Adams amasintha nkhani yake nthawi iri yonse akamaikambanso, monga momwe agogo samakambira nthano mofanana usiku uwiri.

Nanga ine ndiweruza bwanji? Kanemayu ngwothamanga, ndipo chikondi chija anachithira shuga wambiri ndithu. Pamenepa ndiri kumbali ya mwana wanga. Koma sindivomera kuti ngwachabe, pakuti anatsegulira khomo anthu onga ine, amene buku la Chingerezi la nthabwala zozama sitikanaligwira ndi dzanja. Wodziwa buku amawerenga zimene zasowa, mlendo amalawa zimene ziripo, ndipo onse awiri akunena zoona za mbale imodzi. Cholakwa chimayamba pamene wodziwa ayesa mlendo mbuli chifukwa waseka, kapena mlendo ayesa wodziwa wonyada chifukwa wadandaula. Tonse awiri, ine ndi mwana wanga, tinkafunika kuomberedwa ndi mfuti ija.

Zimenezi ndaziona kawirikawiri pa ntchito yanga ndi amayi. Mtengwa watsopano akaphika nkhwani mwa njira ya kwao, apongozi amayamba ndi kunena kuti, “Kuno sitiphika choncho.” Mayi wachitsikana akalowa m'gulu ndi nyimbo yakale imene waisintha pang'ono, achikulire amaiwala kuti iwonso anailandira kwa ena naisintha. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wodziwa ayambe walola mlendo kuti alawe, ndipo akatha amufunse chimene wamva, pamenepo ndipo amuonetse chimene chasowa. Mlendonso asakwiye akauzidwa kuti kuli zokoma zoposa zimene waona, koma apite akazione yekha, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ife tinamvana motere: madzulo ali onse tikatha kutsuka mbale, iye amandiwerengera mutu umodzi wa bukulo namasulira m'Chichewa, ndipo ine ndimamuuza pamene ndaona kuti kanema anachita bwino kuposa buku. Tafika pa mutu wachisanu ndi chiwiri, ndipo ndavomera kale kuti nkhani ya nyalugwe wa pa chitseko sanayenere kuidula. Iyenso wavomera kuti mfuti ya amayi ikanakhala m'buku, bwenzi atailoweza pamtima. Wandiuzanso kuti chaka ndi chaka pa 25 May okonda Adams m'maiko ambiri amayenda ndi thaulo pomukumbukira, mwambo umene unayamba m'chaka cha 2001, patapita masabata awiri iye atamwalira. Ndamuyankha kuti thaulo ndiribe nalo ntchito pa ulendo, chitenje changa chimakwanira zonse.

Amene munaonapo kanemayu, kapena wina ali yense wochokera m'buku limene munawerenga, tilembereni maganizo anu. Tsalani bwino, amayi, tidzachezanso sabata yamawa.