Madzi Saiwala Khwawa, Oiwala Ndife

Pali chizolowezi pano pa koleji chakuti munthu akapezeka ndi buku la chinjoka pachikuto, anzake amamuyang'ana ngati walowa m'kalasi ndi chidole. Aphunzitsi ena amati zimenezo ndi nthano za ana a Azungu, ndipo wophunzira wanzeru azilemba za "moyo weniweni". Ine ndikuti maganizo otere ndi ulesi wovala taye.

Tengani Dragonflight, buku limene Anne McCaffrey anatulutsa mu 1968. Nkhani ikuchitika pa dziko lotchedwa Pern. Nyenyezi ina yofiira ikayandikira dzikolo, kumwamba kumagwa ulusi wamoyo umene umadya mbewu, ziweto ndi anthu omwe. Oteteza dziko ndi okwera zinjoka zolavula moto, amene amaotcha ulusiwo usanafike pansi. Koma pamene buku likuyamba, patha zaka 400 ulusi usanagwe. Eni minda atopa kudyetsa okwera zinjoka, akuti ngoziyo ndi nthano ya agogo. Mwa midzi 6 ya zinjoka, watsala umodzi wokha, Benden. Ulusi ukubwerera, anthu ali m'tulo.

Kodi zimenezi ndi za ana? Chinjokacho ndi chikuto chabe. Mtima wa bukuli ndi kuiwala: m'mene mtundu wa anthu umanyozera mlonda chifukwa mbala yachedwa kubwera.

Ife kwathu kwa Kadewere, ku Chiradzulu, nkhani imeneyi tikuidziwa, kungoti chinjoka chathu sichikwereka. Dzina lake ndi Napolo, njoka ya pansi pa phiri imene akuluakulu amati ikamasamuka imagumula miyala ndi kukokolola midzi. Anadutsa ku Zomba mu December 1946. Anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe mu March 1991, napha anthu mazanamazana. Mu March 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena mazana osapezeka, ndipo m'boma lathu lomweli matope anakwirira mudzi wa Ntauchira. Pakati pa zaka zimenezi tinkachita chiyani? Tinkatema mitengo, kuotcha makala ndi kumanga nyumba m'njira ya madzi.

Wina ayankha kuti Napolo ndi chikhulupiriro chabe, chogumula phiri ndi mvula yochuluka pa nthaka yotsetsereka. Inde, ndipo mpamene nthano ya sayansi imagwira ntchito yake. McCaffrey sanasiye zinjoka zake ngati matsenga: mu Dragonsdawn, buku la mu 1988, akuonetsa kuti anthu anazipanga ndi sayansi kuchokera ku tinyama tonga abuluzi. Nthano yotere imatenga mantha a makolo nkuwalumikiza ndi nzeru za lero. Lipoti la boma limathera m'kabati ya ofesi, koma nthano imafika pabwalo, mwana naikumbukira mpaka imvi.

Sikuti njira mulibe. Steve Chimombo anatulutsa Napolo Poems mu 1987. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa zaka mazana m'tsogolo. Koma onsewa ali m'Chingerezi. Mayi wolima nandolo m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu, amene Napolo adzayambire iye, sanalemberedwe kanthu.

Choncho, anzanga a m'bwalo lino la alembi, sindikupempha kuti titanthauzire Pern m'Chichewa kapena kukweza Achewa ndi Alomwe pa zinjoka za eni. Ndikuti tilembe buku lathu, m'chinenero chathu, la Chiradzulu wa mu 2070. Alonda ake tili nawo kale: woyeza mvula amene chenjezo lake anthu amaliseka, nyakwawa imene imadedwa chifukwa choletsa kulima m'phiri, gogo amene akukumbukira pamene madzi anadutsa. Amenewa ndiwo okwera zinjoka athu, ndipo nafenso tatopa kuwadyetsa.

Aphunzitsi athu olemekezeka, musanalembe ndi inki yofiira kuti "zachibwana", pitani mukafunse kwa Ntauchira ngati chinjoka si moyo weniweni.