Chithunzi cha Agogo ndi Pulogalamu Yatsopano

Nkhani ya lero yachokera ku msonkhano wa gulu lathu. Titatha kuwerengera ndalama za banki m'khonde, mayi wina anaimirira nati pali kanthu kamene kakuwasowetsa tulo. Mayiwa amakonda kujambula zithunzi. Sachita zimenezi kuti apezepo ndalama ayi, koma pakakhala chinkhoswe, ubatizo kapena kumanga chiliza pakati pa abale, iwo ndiwo amayenda ndi kamera imene alongo awo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Madzulo amakhala pa kompyuta yawo yakale n'kumakonza zithunzizo, chakuda kuchiwalitsa, chopendekeka kuchiwongola. Tsono amva kuti pulogalamu imene amakonzera zithunziyo yatuluka ya mtundu watsopano, ndipo kuti aipeze ayenera kumalipira mwezi ndi mwezi. Amuna awo akuti ndalama imeneyo ndi ya feteleza. Funso lawo linali lakuti, “Kodi ndikapanda kugula yatsopanoyo, ndiye kuti zojambula zanga zathera pomwepa?”

Ena anaseka poganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya anyamata a m'tauni. Koma nditafunsa kuti ndi angati amene ali ndi zithunzi za ana awo m'foni, ambiri anakweza manja, ndipo nditafunsanso kuti ndi angati anayesapo kuwalitsa kapena kusalaza nkhope pa chithunzi, manja ochepa okha ndiwo anatsika. Choncho nkhaniyi ndi yathu tonse. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, motero ndatha masabata awiri ndikufunsa kwa ana anga ndi kwa odziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Ndiyambe ndi chimene chinandichitikira ine mwini. Tili atsikana, wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili m'khosi. Tinkasamba, kudzola mafuta, kubwereka nsapato, kenaka n'kudikira masabata kuti filimu ikatsukidwe ku tauni. Chithunzi chikabwera chinali chomwecho basi: ngati unatsinzina, unatsinzina mpaka kale. Koma wojambula wanzeru ankasunga filimu yotsukidwa ija, kotero kuti chithunzi chikanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe, ankatha kukutsukira china.

Agogo anga aakazi ndinawajambula ndi foni chaka chimene anatisiya. Anali ndi mphini m'masaya ndi pamphumi zimene anatemedwa ali namwali, ndipo ankazinyadira kwambiri. Tsiku lina ndinaika m'foni kapulogalamu kamene anzanga ankakatama kuti kamakongoletsa nkhope. Ndinadina pamene anandilozera, ndipo nkhope ya agogo inasalala ngati ya khanda, khungu linayera, makwinya ndi mphini zonse zinachoka. Ndinaseka, n'kudinanso posungira, osadziwa kuti chokonzedwacho chalowa m'malo mwa choyamba chija. Atamwalira, abale anati titsukitse chithunzi chachikulu choika m'nyumba. Amalume atachiona anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, “Mphwanga, kodi awa ndani? Amayi anga si awa.” Mpaka lero ndilibe nkhope yeniyeni ya agogo anga. Pulogalamu ija sinalakwe kanthu, inangochita zimene ndinaituma. Lamulo loyamba tsono ndi ili: chithunzi choyamba, monga chatulukira m'kamera kapena m'foni, ndicho filimu ya masiku ano. Musachikhudze. Konzani chokopera, ndipo posunga muchipatse dzina lina.

Tsopano tibwere ku mapulogalamu enieniwo. Yotchuka koposa ndi Photoshop. Anaiyamba ndi anthu awiri apachibale a ku America, a Thomas ndi a John Knoll, ndipo kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1990. Mu 2007 kampani yomweyo inatulutsanso Lightroom, imene imasanja zithunzi zambirimbiri ndi kuzikonza popanda kusintha chithunzi choyamba. Kwa zaka zambiri mapulogalamu amenewa munthu ankagula kamodzi, monga mmene tigulira makina osokera: walipira, ndi ako, uwagwiritse mpaka atatha. Mtundu wotsiriza wa Photoshop wogula chotero unali CS6 wa mu 2012. Mu 2013 kampaniyo inalengeza kuti mitundu yotsatira idzakhala ya lendi. Lightroom 6 ya mu 2015 ndiyo inali yotsiriza kugulidwa kamodzi, ndipo analeka kuiwonjezera zatsopano kumapeto kwa 2017. Lendi ya Photoshop ndi Lightroom pamodzi inayambira pa madola 9.99 pa mwezi, kapena kuti pafupifupi madola 120 pa chaka, ndipo mu 2025 olipira mwezi ndi mwezi anawakwezera. Ngakhale Photoshop Elements, imene ili yopepuka ndipo anaipangira anthu ojambula mongokonda, kuyambira mtundu wa 2025 imagulitsidwa kuti igwire ntchito zaka 3 zokha.

Mayi aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya lendi adziwa tanthauzo lake. Nyumbayo ingakhale yokongola, eni ake amaikonza denga likadontha, koma tsiku limene walephera kulipira, chitseko chimatsekedwa. N'chimodzimodzi apa. Wolipira amalandira zatsopano zonse zikangotuluka, ndipo akaleka, zithunzi zimene zili pa kompyuta yake sizitayika, koma zida zokonzera zimatsekedwa. Kwa ife kuno pali vuto lina. Lendi imeneyi salipira ndi kwacha koma ndi ndalama zakunja, kudzera pa khadi la ku banki. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene analowa lendi ya madola anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ngongole yake yakula iye asanagule kanthu kalikonse. Muwerengenso bwino mgwirizano musanavomere, pakuti kawirikawiri umakhala wa chaka chathunthu ngakhale mukulipira mwezi ndi mwezi, ndipo woleka panjira amalipitsidwa chindapusa.

Sindikunena kuti lendi ndi yoipa kwa aliyense. Kwa mayi amene ali ndi situdiyo, amene amajambula maukwati Loweruka lililonse n'kulandira malipiro, ndalamayo imabwerera. Koma kwa amene amajambula adzukulu ndi maluwa a pakhomo, pali zida zina zosalipira. Pa foni pali Snapseed, imene kampani ya Google inaitenga mu 2012. Imawalitsa, kudula, kuwongola ndi kuchotsa timadontho. Pa kompyuta pali GIMP, imene anaiyamba ndi ophunzira awiri a pa yunivesite ya ku Berkeley ku California mu 1995, ndipo mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu Malichi 2025. Palinso darktable, imene imagwira ntchito yofanana ndi ya Lightroom. Pulogalamu ya Affinity, imene kale inali yogula, eni ake atsopano a Canva anaimasula mu Okutobala 2025 kuti munthu azingolembetsa dzina n'kuigwiritsa. Nawonso opanga makamera monga Canon ndi Nikon ali ndi mapulogalamu awoawo aulere a makamera awo. Koma ndikuchenjezeni zinthu ziwiri. Choyamba, zaulerezi zimafuna kudekha pophunzira, ndipo malangizo ake ali m'Chingerezi. Chachiwiri, chaulere nachonso chimatha. Ambiri ankakonda Picasa, koma eni ake anaileka mu 2016. N'chifukwa chake zithunzi zanu zizikhala m'mafoda anuanu, olembedwa chaka ndi mwambo wake, kuti pulogalamu ikafa zithunzi zitsale.

Nanga ndi liti pamene munthu ayeneradi kusintha? Ine ndapeza zifukwa zitatu zokha. Choyamba ndi pamene mwagula kamera yatsopano ndipo pulogalamu yakale ikukana kutsekula zithunzi zake. Pano pafunika kufotokoza pang'ono. Kamera imatha kusunga chithunzi m'njira ziwiri. Njira yotchedwa JPEG ili ngati nsima yophikaphika: aliyense angathe kuidya pomwepo, koma kuisintha n'kovuta. Njira yotchedwa RAW ili ngati ufa: umadya malo ambiri, koma ungathe kuphika mmene ufunira, yolimba kapena yofewa. JPEG imatsekuka paliponse. RAW ndiyo imasiyana kamera ndi kamera, motero pulogalamu yakale siidziwa RAW ya kamera imene inapangidwa pambuyo pake. Ngakhale pamenepo musathamangire kulipira, pakuti pali kapulogalamu kaulere kotchedwa DNG Converter kamene kamasandutsa RAW yatsopano kuti yakale ithe kuiwerenga.

Chifukwa chachiwiri ndi pamene kompyuta yakale yafa ndipo pulogalamu yanu ikukana kulowa kapena kuyenda pa kompyuta yatsopano. Chachitatu ndi pamene pali ntchito yeniyeni imene mukuifuna ndipo yakale siitha, monga kuyeretsa zithunzi za m'tchalitchi cha mdima zimene zimatuluka ngati zawazidwa mchenga. Pa ntchito yotere mitundu yatsopano imapambanadi. Koma ngati chifukwa chanu n'chakuti mnzanu ali nayo, kumbukirani kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Muyambenso mwaona mphika wanu musanagule nyama. Pulogalamu yatsopano imalemera. Photoshop ya masiku ano imafuna kompyuta ya RAM yosachepera 8 GB, ndipo kuti iyende bwino amalangiza 16 GB. Makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale amene timagula kapena kupatsidwa ndi abale safika pamenepo. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chisamaliro chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha mu Okutobala 2025, kotero opanga mapulogalamu nawonso amasiya pang'onopang'ono kupangira makompyuta otere. Mungathe kulipira lendi, kutha bandulo yaikulu ya intaneti pokopera, kenaka n'kupeza kuti kompyuta ikungozizira ngati bulu wosenza katundu womposa. Pamenepo mudzafunanso kompyuta ina, ndipo mtengo weniweni wa pulogalamuyo ndi pamene udzaonekere. Ngati pali mwayi woyesa masiku ochepa osalipira, yesani, koma lembani tsiku lothera pa kalendala kuti angayambe kukudulani ndalama musanafune.

Mukatsimikiza kusintha, chitani mwa dongosolo. Koperani zithunzi zonse pa fulashi kapena pa diski yapadera, ndipo china musungitse kwa mbale wa nyumba ina, pakuti moto ndi akuba sasankha. Amene amagwiritsa Lightroom adziwe kuti ili ndi kaundula wake mmene imalemba zonse zimene mwakonza. Mtundu watsopano ukasintha kaundulayo, wakale sungathenso kumuwerenga, choncho sungani kaundula wakale pambali. Musachotse pulogalamu yakale mpaka mutaona kuti yatsopano ikuyenda. Musasinthe usiku woti mawa kuli ukwati. Ndipo mukanetu mapulogalamu akuba amene ena amaika pa mtengo wozizira m'misika. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kawirikawiri amabwera ndi mavairasi amene angathe kuononga kapena kutseka zithunzi za zaka zambiri.

Pali tinthu tiwiri tating'ono timene tingapulumutse zithunzi zanu popanda kulipira tambala. Chithunzi cha JPEG chikakonzedwa ndi kusungidwa mobwerezabwereza, chimaguga pang'ono nthawi iliyonse, ngati chitenje chochapidwa kawirikawiri. Ndiponso WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti chisadye bandulo. Chimene mwalandira motero chimaoneka bwino m'foni, koma mukachitsukitsa chachikulu chimatuluka chosaoneka bwino. Ngati mukufuna chotsukitsa, uzani wotumizayo achitumize ngati “document”, pamenepo chimafika chathunthu.

Pa msonkhano wotsatira ndinawafunsa mayi aja mafunso atatu. Kodi mwagula kamera ina? Anati ayi. Kodi kompyuta ikuyendabe? Anati inde, ngakhale mochedwa. Kodi pali chimene mukufuna kuchita chimene pulogalamu yanu ikukana? Anaganiza, kenaka anaseka nati palibe. Ndinawauza kuti pulogalamu yogula siifa chifukwa chakuti kwabadwa mng'ono wake. Chimene ayenera kuopa ndi tsiku limene kompyutayo idzafe, popeza zithunzi za zaka zisanu ndi ziwiri zinali pamalo amodzi okhawo. Anagwirizana ndi amuna awo kuti agule fulashi ziwiri, ndalama yotsala ipite ku feteleza, ndipo pakali pano ayamba kuphunzira pulogalamu yaulere pang'onopang'ono, kuti tsiku losinthalo likadzafika lisadzawadzidzimutse.

Amayi anzanga, chaka chilichonse sankhani zithunzi khumi zimene mumazikonda koposa, mukazitsukitse pa pepala, mulembe maina ndi chaka kuseri kwake, muziike mu alubamu. Pepala silifuna lendi ndiponso silifuna magetsi. Ndipo pokonza, walitsani mdima, wongolani chopendekeka, koma nkhope za anthu muzisiye monga ziliri. Adzukulu athu adzafuna kuona khungu lathu lenileni, makwinya athu ndi mphini za agogo awo. Ine ndinaphunzira mochedwa, inu musadikire kuti amalume anu adzakufunseni funso limene anandifunsa ine.