Makina akakana, amanena chifukwa chake

Anzanga a padoko, ndabwerako. Uthengawu ndi wautali, ndiye amene batire yatsala pang'ono ayambe watchaja kaye.

Amene mumafunsa kuti mekaniki wasowera kuti, ndinali ku Nthalire, m'boma la Chitipa, kumene kunakwatiwa achemwali anga. Mwera utavuta, maboti ali pamtunda, alamu anandiimbira kuti injini ya chigayo chawo ikutsokomola, ndipite ndikaione. Ulendo wake si wamasewera. Kuchoka ku Karonga kukwera ku Chitipa pali tala, koma ukakhota kulowera ku Chisenga ndi ku Wenya ndi fumbi lokhalokha mpaka m'mano. Ndiye kuzizira! Mapiri a Nyika ali pafupi pomwepo, ine mwana wa kunyanja ndinkagona ndi jekete.

Chigayo ndinathana nacho tsiku limodzi, inali sefa ya dizilo basi. Chimene chandilembetsa uthengawu ndi foni.

Alamu ali ndi mng'ono wawo, mnyamata woti analemba MSCE chaka chatha ndipo pano amathandiza kuchigayo. Ali ndi foni yakale imene anamusiyira msuweni wake amene ankaphunzira ku Mzuzu. M'foni imeneyo munatsala apu ina yotchedwa Termux. Ukaitsegula mulibe zithunzi, ndi mdima bii, iwe n'kumalemba malamulo ngati pa kompyuta. M'menemo munalinso Python, chinenero china cholembera mapulogalamu, chimene anachiyambitsa Guido van Rossum wa ku Netherlands n'kuchitulutsa mu 1991. Mnyamatayu wakhala akudziphunzitsa yekha usiku, ndipo anali atalemba kapulogalamu kosunga mawerengero a kuchigayo: ndowa zingati zagayidwa lero, dizilo wapita wochuluka bwanji, ndani wagayitsa pa ngongole. Ntchito ya miyezi itatu, yolemba ndi zala ziwiri.

Nditafika ndinamupeza atakhumudwa. Phunziro limene ankatsatira linafika pa lamulo lina lotchedwa match, iye akalemba ndendende monga aphunzitsi alembera, foni n'kumakana. Mnzake wina anamuuza kuti zinthu zako ndi zakale, upange apudeti. Ndiye tsiku lililonse ankalemba pip install --upgrade pip, foni n'kutulutsa mizere yofiira, iye n'kubwerezanso, mpaka bandulo ziwiri zinapita. Mawa lake anali atakonza zopita nayo kwa wokonza mafoni kuti akaifulashe. Akanatero, miyezi itatu ija ikanapita ngati usipa wogwera m'madzi.

Ine za Python sindinaphunzire. Sukulu ndinalekezera Folomu 4 ngati ambiri a inu. Koma ndakulira pa Yamaha, ndipo chimene ndikufuna kunena lero ndi ichi: makina akakana, amanena chifukwa chake. Vuto lathu achinyamata ndi loti sitimva. Timafuna kukoka chingwe mwamphamvu, kapena kumasula zonse.

Ndili ndi zaka 17 ndinamasula kabuleta yonse ya injini ya bambo, ma 15 aja, chifukwa inkalira pang'ono n'kuzima. Ndinayala tizitsulo pa chiguduli, kamodzi n'kukataya mumchenga. Bambo anabwera, osayankhula, anangopotokola kachitseko ka mpweya pamwamba pa thanki. Kanali kotseka. Petulo sankatsika. Usiku umenewo boti silinapite, alovi onse anagona opanda kanthu chifukwa cha phuma langa. Kuyambira pomwepo ndinaphunzira kuyamba ndi zotchipa: mafuta alipo? kachingwe ka sitopu kali m'malo? pulagi ikupereka moto? Kabuleta imabwera kumapeto.

Ndiye ndinamuuza mnyamata uja kuti, alamu, musaifulashe, tiyeni tiwerenge zofiirazo. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti awerenge Chitchaina. Masabata awiri onse sanawerengepo mzere ndi umodzi womwe. Akangoona kufiira, mtima unkagwa, maso n'kuthawa.

Tinawerenga pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi. Pakati pa chizungu chonsecho panali mawu akuti certificate, ndi ena onena kuti sinayambe kugwira ntchito. Ndinamufunsa kuti chikalata chingakhale bwanji chosayamba kugwira ntchito? Ndiye kuti pali wina amene wasokoneza masiku. Titayang'ana deti ya foni, inali zaka zingapo m'mbuyo. Batire yake imafa kawirikawiri chifukwa amatchaja pa sola, ndipo foni ikadzuka imayambira pa tsiku lakale, poti zoti izitenga nthawi yokha ku netiweki anazithimitsa. Pip ndi kamnyamata kotumidwa: umakatuma kukatenga zipangizo za Python ku nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa PyPI. Kakafika kumeneko kamayamba kaona chikalata cha nkhokweyo ngati chili chenicheni, ndipo chikalatacho chimakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera. Wotchi yako ikanama, chikalata chabwinobwino chimaoneka chabodza, ndipo pip amabwerera chimanjamanja. Tinakonza deti. Pip anakwera bwinobwino. Sitinalipire aliyense.

Mnyamata anadumpha, koma atayesanso phunziro lake lija, match anakanabe. Apa ndi pamene ambiri timatayira mtima, timati ndakonza koma sizinatheke, ndiye kuti chinthuchi chinafa. Ayi. Injini ikhoza kukhala ndi matenda awiri nthawi imodzi. Wachiza amodzi, enawo ayamba kuoneka bwino.

Tinalemba python --version, foni n'kuyankha kuti 3.8. Titafufuza tinapeza kuti match anabwera ndi Python 3.10, mu October 2021. Ndiye vuto silinali pip n'komwe. Masabata awiri mnyamata ankasintha pulagi pamene chofunika chinali injini ina. Pip amabweretsa zipangizo za Python, koma Python mwini wakeyo mu Termux amabwera ndi wotumidwa wina, dzina lake pkg. Aliyense ali ndi ntchito yake, ngati siginala ndi okoka chilimira. Sungakalipire siginala kuti bwanji sukukoka.

Tinalemba pkg upgrade. Kukana. Koma pano mnyamata anali atayamba kuwerenga yekha, ndipo anati, alamu, ikunena kuti kumene ikupita kulibe kanthu. Zinali zoona. Termux imene inali m'foniyo inali ija ya pa Play Store ya mu 2020. Chaka chimenecho eni ake analeka kuikonza ya kumeneko chifukwa cha malamulo atsopano a Android, n'kuuza anthu kuti azitenga ku F-Droid kapena ku GitHub. Kenako mu 2021 malo otchedwa Bintray, kumene Termux yakale inkatenga katundu, anatsekedwa. Ndiye pkg wa m'foniyo ankapalasa kupita pa doko limene anthu anasamukapo kalekale. Ungapalase usiku wonse, sukagulitsa nsomba pamenepo.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene pakanafera ntchito yonse. Termux ya ku F-Droid siikhala pamwamba pa ya ku Play Store, zidindo zake ndi zosiyana. Uyenera kuchotsa yakale kaye. Koma ukaichotsa, imapita ndi zonse zimene unalemba m'kati mwake. Mnyamata chala chinali kale pa batani. Ndinamugwira dzanja. Ine ndisanamasule giya, ndimayamba ndatchera beseni pansi kuti oyilo ndi timawashala zisapite mumchenga. Tinalemba termux-setup-storage, n'kukopera mafayilo ake onse ku malo a foni amene amaoneka, kenako tinawatumizanso pa foni yanga. Titaona ndi maso kuti afika ndipo akutseguka, m'pamene tinachotsa yakale ija.

Yatsopano tinakaidawuniloda usiku, pa kachulu kena kuseri kwa chigayo kumene netiweki imagwirako bwino, titafunda bulangete limodzi, mano akugundana. Itatha tinalemba pkg update, kenako pkg upgrade, kenako pkg install python. Tinabwezeretsa mafayilo. Match anagwira. Kapulogalamu ka chigayo kanatseguka, ngongole zonse zilimo, ngakhale ya amfumu ena amene sindiwatchula.

Koma ndisadzitame kwambiri, chifukwa kumapeto wopusa ndinali ine. Nditaona kuti zayenda, ndinati tiyeni timalize ndi pip yemwe, n'kulemba lamulo lija la pip install --upgrade pip. Foni inakana. Ine magazi anakwera, ndinayamba kufufuza njira yoikakamiza. Mnyamata anandilanda foni n'kuwerenga. Anati, alamu, sikuti yalephera, ikuletsa dala, ikuti mukatero muphwanya pip amene anabwera ndi pkg. Mu Termux ya masiku ano pip amakwezedwa ndi pkg upgrade, pamodzi ndi zina zonse. Kukana kumeneko kunali ngati shiya pini ya puropela: imaduka dala kuti giya isaphwanyike. Tonse tikumudziwa munthu amene anaikapo msomali wa simenti m'malo mwa shiya pini, ati kuti isamadukeduke. Anagula giya yatsopano. Ine ndinatsala pang'ono kukhala munthu ameneyo, ndipo anandipulumutsa ndi mwana amene dzulo lake ankaopa mizere yofiira.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Wina ati chizungu chake ndi chovuta. N'zoona, si chizungu cha m'kalasi. Koma buku la Yamaha nalonso silinalembedwe m'Chichewa, ndipo tonse timadziwa choke, timadziwa neutral. Sufunika kumva mzere wonse. Yang'ana mzere womaliza, tola mawu awiri atatu amene ukuwadziwa, ena uwakopere n'kuwafufuza momwe alili. Nthawi zambiri pali munthu wina kwinakwake amene anagwa pa dzenje lomwelo n'kulemba mmene anatulukira.

Wina ati bandulo ndi yodula, sitingamayese zinthu. Ndiye chifukwa chake ndikuti werengani. Mnyamata uja bandulo ziwiri zinathera kubwereza lamulo limodzi lomwelo, pamene kuwerenga kunali kwaulere. Chimodzimodzi amene amakoka chingwe ka 50 mpaka phewa kutupa, injini itamwa kale petulo wambiri.

Wina ati bwanji osangopereka kwa akatswiri. Ine ndine mmodzi wa akatswiri amenewo, ndimadya pomwepo, ndiye sindinganyoze. Alipo odziwa ntchito. Koma alipo ena amene mankhwala awo ndi amodzi, kufulasha, ngati sing'anga amene matenda alionse amatemera mphini. Foni imabwera ikuyenda, koma zithunzi za maliro a agogo zapita, manambala apita, ndipo chimene chinavuta sunachidziwe, ndiye mwezi wamawa ubwereranso. Ukapita kwa mekaniki, pita utadziwa kuti yakana ikunena chiyani. Ngakhale ine, munthu akabwera n'kunena kuti injini ikuzima ikatentha ndipo siikukodza bwino, ndimadziwa kuti tiyambe ndi impela, ndipo amalipira zochepa kusiyana ndi wongoti yafa.

Ndipo alipo amene ati za makompyuta ndi za ana a ku Lilongwe, mwana wa ku Nthalire kapena wa padoko akutaya nthawi. Sindikulonjeza kuti mnyamata uja alembedwa ntchito mu ofesi. Chimene ndaona ndi maso ndi choti alamu anga tsopano akudziwa dizilo amene amapita pa sabata, ndipo amene ankakana ngongole akusowa ponamira. Tangoganizani mwini boti ali ndi kanthu kotere: petulo wa usiku uliwonse, mabigili a usipa amene atuluka, gawo la mlovi aliyense. Mikangano ingati ya m'mawa padoko ikanatha?

Ndiye kaya ndi foni, kaya ndi injini, kaya ndi sola, ine ndimayendera izi. Werenga kapena mvetsera kaye chimene chikunenedwa. Yamba ndi zotchipa: deti, malo otsala m'foni, netiweki, mafuta. Dziwa kuti ntchito imene yakanikayo ndi ya ndani, usamenye pip pa mlandu wa pkg. Sintha chinthu chimodzi, yesa, kenako china, chifukwa ukasintha zitatu nthawi imodzi sudziwa chimene chachiza. Usanachotse kanthu, sunga kaye. Ndipo makina akakuletsa dala, funsa chifukwa usanatenge hamala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndawaona pa kachulu ku Nthalire, 11 koloko usiku.

Tsiku lonyamuka achemwali anandipatsa nyemba, alamu anandipatsa ya thiransipoti. Mnyamata anandiperekeza mpaka pokwerera galimoto, ndipo anandiuza kuti akufuna kulemba kapulogalamu kena ka maboti, ndimutumizire mmene timagawanirana ndalama ya nsomba. Ndiye eni maboti ndi alovi, ndiuzeni mmene mumagawira kwanuko, chifukwa ndikudziwa kuti doko lililonse lili ndi kachitidwe kake. Ndimutumizira.

Amene injini zanu zinandidikira, ndayamba kale ntchito, mundipeza pamalo pomwe paja. Koma musanabwere, taonani kaye kachitseko ka mpweya pa thanki. Tumizani uthengawu kwa mnzanu amene akufuna kufulasha foni mawa.