Mpikisano wa timagalimoto ta rimoti usakhale wa olemera okha

Nyengo yozizira ikafika ku Britain, maholo ena a sukulu ndi a masewero amasanduka mabwalo a mpikisano. Madzulo anthu amayala kapeti, n'kuika timipanda tokhotakhota, kenaka oyendetsa amakwera pansanja, aliyense rimoti kumanja. Pansipo timagalimoto ta batire, tosafika ndi theka la mita lomwe, timathamanga moti diso losazolowera limalephera kutitsata.

Amene amati izi n'zachibwana afunse Lewis Hamilton. Katswiri wa Formula One ameneyu, yemwe watenga chikho cha dziko lonse kasanu ndi kawiri, anayambira pa kagalimoto ka rimoti kamene bambo ake anamugulira, ndipo ali kamnyamata anakhala wachiwiri pampikisano wa bungwe la BRCA akulimbana ndi akuluakulu. Bungweli lakhala likuyendetsa masewerowa ku Britain kuyambira mu 1971, ndipo la dziko lonse, IFMAR, linabwera mu 1979. Masami Hirosaka wa ku Japan yekha anatenga zikho 14 za IFMAR.

Komabe mtima wa masewerowa suli m'zikhozo, uli m'kalabu ya m'dera. Ndime imodzi imatenga mphindi zisanu, kapena zisanu ndi zitatu kwa timagalimoto ta 1/12 ya kukula kwa galimoto yeniyeni, ndipo wopambana ndi amene wazungulira kambiri. Kagalimoto kalikonse kamanyamula kachipangizo kamene kamauza kompyuta kakadutsa pamzere, choncho palibe kukangana. Ndime zachipulula zikatha, anthu amagawidwa m'magulu A, B ndi C molingana ndi liwiro lawo, ndipo aliyense amapikisana nawo m'ndime yomaliza. Palibe wobwerera kunyumba osalawa fainolo.

Lamulo lokoma koposa ndi ili: ukatsika pansanja sukapuma ayi, umakaima pangodya n'kumatembenuza timagalimoto ta anzako tikagubuduzika. Katswiri amene wangopambana kumene amathamangira kagalimoto ka mwana wangoyamba dzulo. Ndi masewero angati amene amachita zotere?

Kumatebulo akumbuyo nako kuli sukulu. Wina akupaka mankhwala pamatayala kuti agwire kapeti, wina akusintha mafuta a mashokabu, wina akutsitsa kagalimoto ndi theka la milimita chifukwa kakuterereka pokhota. Aliyense amene anapindapo mawaya n'kupanga galimoto ali mwana akudziwa kukoma kwake kwa kuyendetsa chinthu chimene wamanga ndi manja ake.

Vuto ndi ndalama. Timagalimoto tampikisano ta makampani ngati Xray, Yokomo ndi Schumacher timagulitsidwa topanda mota, batire kapena rimoti. Zonsezo umagula pazokha, ndipo matayala sachedwa kutha. Kalabu ikalekerera kuti aliyense abweretse zimene thumba lake lingakwanitse, mwana wa munthu wamba amabwera kawiri, n'kuona kuti akugonja kwa ndalama osati kwa luso, basi osabweranso. Holo yalendi imafuna anthu oti aisonkhere, ndipo anthu akachepa kalabu imatsekedwa.

Mankhwala ake alipo kale. Makalabu ambiri ali ndi magulu amene mota wake saloledwa kupitirira mphamvu yoikika, ena amalamula kuti onse agwiritse ntchito matayala amtundu umodzi. Timagalimoto totchipa ngati Tamiya TT-02 ndi ta Mardave timapikisana patokha, ndipo pamenepo chimaoneka ndi dzanja la woyendetsa. Ena amadandaula kuti magulu oterewa ndi ochedwa. Achedwe kumene! Kagalimoto kochedwa sikasweka msanga, ndipo wophunzira amamaliza mpikisano m'malo motolera zidutswa.

Choncho makalabu aziika gulu lotchipali patsogolo, azilipatsa nthawi yabwino ya madzulo, ndipo azisunga kagalimoto kamodzi kapena tiwiri tobwereketsa mlendo amene wabwera koyamba.