Agogo akatupa miyendo, tisamangoti ndi ukalamba

Amayi anzanga, mukapita kukazonda agogo a mu mphakati wanu, yang'anani mapazi awo. Dinani ndi chala pamwamba pa kapolo kwa kanthawi. Pakatsala kadzenje, m'thupimo mwadzaza madzi. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba, ndamva achibale ambiri akunena kuti ndi ukalamba chabe, ena kuti agogowo adaponda mankhwala. Ine ndikuti apite nawo kuchipatala akayezedwe magazi.

M'magazi mwathu muli chomanga thupi chotchedwa alubumini. Chimapangidwa m'chiwindi, ndipo ntchito yake ina ndi kugwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha. Chikachepa, madzi amatsikira kumapazi. Chimachepa chiwindi chikadwala, impso zikamachitaya mu mkodzo, munthu akadwala nthawi yaitali monga chifuwa chachikulu, kapena akamadya mosakwanira. Mtima wofooka nawonso umatupitsa miyendo, choncho kuyang'ana kokha sikungatiuze gwero lake.

Pa pepala la zotsatira mudzaona nambala ya agogo, ndipo pambali pake malire. Mabuku ambiri amene timaphunzitsira anamwino amati alubumini akhale magalamu 35 mpaka 50 pa lita imodzi. Malirewa amawapeza poyeza anthu athanzi ndi kutenga pomwe pagwera 95 mwa 100 alionse. Anthuwo akasiyana, malirenso amasiyana. Dziko la China mu 2012 lidakhazikitsa malire akeake, 40 mpaka 55, litayeza anthu ake. Komanso munthu akamakalamba alubumini amatsikako pang'ono. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira anga kuti asawerenge pepala lokha: aone wodwalayo, afunse zaka zake ndi zomwe wadya sabata imeneyo. Inunso musachite mantha ndi nambala imodzi, koma musachoke osafunsa adokotala tanthauzo lake.

Mbali ina ili m'manja mwathu. Kuno ku Linthipe timalima soya, nyemba ndi mtedza, koma tikangokolola matumba onse amathera kwa mavenda a m'mbali mwa msewu wa M1. Agogo, amene mano adatha, amatsala ndi nsima ya ufa woyera ndi masamba owiritsa. Nyama ikapezeka imayambira kwa abambo, dzira kwa mwana wasukulu.

Chaka chino sungani ndowa imodzi ya soya. Mukazinge, mugayitse pamodzi ndi mgaiwa kuti likhale phala la m'mawa. Tsirani nsinjiro m'ndiwo, sinjani usipa, pikitsani nyemba kuti zifewe. Ngati adokotala apeza vuto la impso, tsatirani kadyedwe komwe angakuuzeni, chifukwa apo muyezo umasintha.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe lathu, tilembe maina a okalamba okhala okha m'mphakati uliwonse, ndipo tigwirizane amene aziwazonda ndi kuwaperekeza kuchipatala.